Thanki ya nsomba yandikola, ndiigulitse kapena ndiikonzenso?

Bambo a Chikondi, Chelstone: Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Lusaka ndili ndi thanki ya nsomba ya galasi, masentimita 120 m'litali, 40 m'lifupi, 50 kupita m'mwamba. Chilala cha 2024 chija, magetsi akumapita pafupifupi tsiku lonse, nsomba zambiri zinatha. Zatsala ma goldfish awiri, ma guppy oti sindingawawerenge, ndi pleco, chinsomba chakuda chomata pagalasi chija, chomwe pano chadutsa masentimita 25. Madzi ndi obiriwira, maluwa apulasitiki achita ndere. Masiku ano ndimangoponyamo chakudya n'kumapita. Mayi a kunyumba akuti pamalopo paikidwe kabati ya mbale. Ndiigulitse, kapena ilipo njira yoti mtima ubwerere?

Mphwanu wa ku Matero: Gulitsani kwa ine mdala, koma mtengo wa pachibale.

NaBanda, Chilenje: Iwe, munthu akufunsa nzeru, wayamba kale malonda?

A Phiri, Kabwata: Bambo a Chikondi, tisanapite patali, tatsegulani ketulo yanu muyang'ane pansi pake. Muli zoyera zokakamira?

Bambo a Chikondi, Chelstone: Zilimo zambiri achimwene. Ngakhale pagalasi la thanki, pomwe madzi amalekezera, pali mzere woyera wosachoka. Ife timamwa a pamjigo wa eni nyumba.

A Phiri, Kabwata: Basi yankho lanu lili pomwepo. Lusaka yakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo yathu amatuluka atasungunula laimuyo. N'chifukwa chake sopo sachita thovu msanga, ketulo imachita zoyerazo. Tinsomba tambiri timene anthu amathamangira m'mashopu, monga neon tetra ndi discus, kwawo ndi ku Amazon, komwe madzi ndi ofewa ndiponso a asidi pang'ono. Kuno timakhala mokakamiza, mtundu umafwifwa, sitiswana, ndiye mwini wake amatopa nato. Koma zilipo nsomba zimene madzi olimbawa zimawakonda, ndipo ndi zakwathu: mbuna za m'nyanja ya Malawi. Madzi a nyanjayo pH yake (muyezo wa asidi m'madzi, pansi pa 7 ndiye a asidi) imakhala cha pa 7.7 mpaka 8.6. Azungu ku Ulaya amagula mankhwala ndi mchere wapadera kuti madzi awo afanane ndi amenewa, pamene inu akungotuluka pampopi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Gulani timapepala toyezera pH, chifukwa madzi a m'tauni muno amasiyana, ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, ena pansi panthaka. Mukapeza kuti yadutsa 7.5, chotsani zapulasitikizo mumange thanki ya miyala.

Bambo a Chikondi, Chelstone: Mbuna ndinaziona ndili mwana ku Cape Maclear, tikuponya nyenyeswa za buledi m'madzi. Sindimadziwa kuti zimawetedwa.

A Phiri, Kabwata: Zimawetedwa dziko lonse lapansi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo paki ya ku Cape Maclear komweko inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Koma chimene chingakubwezereni mtima si mtundu wake wokha ayi, ndi khalidwe. Goldfish imangoyandama kudikira chakudya. Mbuna imakhala ndi zochita tsiku lonse. Yaimuna imasankha phanga lake, n'kumatapa mchenga ndi pakamwa, kupita kukaulavula pakhomo pa inzake, kubwerera kukatapa wina. Mukasalaza mchenga madzulo, m'mawa mupeza yakumbanso. Ndiye tsiku lina mudzaona yaikazi imodzi yasiya kudya, kukhosi kwatupa, ikungoyendetsa pakamwa pang'onopang'ono osatsegula. Musathamangire mankhwala. Yafungatira mazira m'kamwa, ndipo ikhala choncho pafupifupi milungu itatu osadya kanthu. Chakumapeto, mukaiyang'anitsitsa ikayandikira galasi, mumaona timaso takuda tikusuzumira m'kati mwa kamwa. Ikatilavula timathawira m'ming'alu ya miyala. Adzukulu anga akabwera amasiya TV n'kukakhala pansi pamenepo.

NaBanda, Chilenje: A Phiri mwalankhula bwino, koma mwalumpha chimene chinapha nsomba za bambowa. Si madzi, ndi magetsi. Ndipo malangizo amene anthu a mbuna mumapereka ndimawadziwa: mumati zithithikane zambiri kuti yankhanza isapeze imodzi yoizunza. Zimenezo n'zabwino kumaiko komwe magetsi sathima. Kuno mukadzaza thanki ngati minibasi ya m'mawa, pampu n'kuima maola khumi, mupeza zonse zili pamwamba kukamwa yasa, mawa lake mukuwola ndi sefa. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala maola oposa 20 opanda magetsi. Ndani angalumbire kuti sizidzachitikanso?

A Phiri, Kabwata: Pamenepo sinditsutsa achemwali.

NaBanda, Chilenje: Ndiye munthu ayambe wakonza za mpweya asanagule nsomba ngakhale imodzi. Ine ndinachoka pa fyuluta yaikulu ya chigubu ija. Ikaima nthawi yaitali, mabakiteriya a m'kati mwake amafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo magetsi akabwera imapopera madzi onunkha m'thanki. Pano ndili ndi mafyuluta a siponji awiri, oyendera kapampu ka mpweya. Kapampuko kamadya mawati ochepa kwambiri, kena kamakhala ndi batire m'kati, kena kamalumikizidwa ku power bank. Magetsi akapita thovu limapitirira kutuluka, siponji imagwirabe ntchito. Ndipo tsiku lopanda magetsi musamadyetse. Nsomba yaikulu siifa ndi njala ya masiku awiri, koma chakudya chowolera m'madzi osayenda chimapha.

Mphwanu wa ku Matero: Manje hita nayo mumaika pa power bank?

NaBanda, Chilenje: Ingapse power bank yakoyo. Thanki ya bambowa ndi malita 240, ifunika hita ya mawati 200 kapena 300. Imeneyo ngakhale inveta yaing'ono imalira nayo.

Amayi a Tadala, Woodlands: Nkhani ya kuzizira musaipeputse. Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa June ndi July kunja kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Nsomba za m'nyanja zathuzi zimafuna 24 mpaka 27. Ubwino wake madzi ambiri sazizira msanga. Matani styrofoam kumbuyo ndi m'mbali mwa thanki, pamwamba pakhale chivundikiro, usiku mufunditse bulangete koma osatseka paipi ya mpweya. Zikavuta thirani madzi ofunda m'mabotolo apulasitiki, mutseke bwino, aziyandama m'thankimo. Musathire madzi otentha mwachindunji.

Amayi a Tadala, Woodlands: Koma ine ndabwera kudzakopa bambowa kuti asapite ku Malawi. Zambia nayo ili ndi nyanja yake. Ndinagwirako ntchito ku Mpulungu, ndipo ku Tanganyika kuli tinsomba tokhala m'zigoba za nkhono, dzina lake Neolamprologus multifasciatus. Taimuna sitipitirira masentimita 5, tatikazi n'tocheperapo. Kalikonse kamakhala ndi chigoba chake. Kamakumba mchenga pansi pa chigobacho mpaka chikhale momwe kakufunira, kamaikira mazira m'katimo, ndipo ana akaswa sathamangitsidwa, amakulira pomwepo mpaka thanki yonse isanduke mudzi. Mukalowetsa dzanja kuti mukonze china, kanthu kakang'ono choncho kamabwera kudzakulumani chala. Madzi olimba timawakonda kuposa mbuna, ndipo popeza n'tating'ono sitimaliza mpweya msanga.

A Phiri, Kabwata: Mayi, tinsomba tanuto ndi totuwa. Munthu akufuna kutsitsimula maso, inu mukumupatsa kapenta.

Amayi a Tadala, Woodlands: Musanyoze kapenta a Phiri, nayenso ndi wa ku Tanganyika. Wa ku Kariba amene mumadya uja anachita kumusamutsa kuchokera kumeneko cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Mphwanu wa ku Matero: Bwanji osangosakaniza zonse, za Malawi ndi za Tanganyika, tione timu yowina?

Amayi a Tadala, Woodlands: Ayi mwanawe. Mbuna zingafukule zigoba zonse n'kudya ana. Thanki imodzi, nyanja imodzi.

Mayi a Chikondi, Chelstone: Pepani ndalowerera, ndine mwini kabati ya mbale uja. Ndakhala ndikuwerenga pafoni ya bambowa, ndiye ndati ndilowe ndekha. Ine nsomba sindidana nazo. Chimene ndimadana nacho ndi chigalasi chobiriwira pabalaza, alendo akabwera n'kumafunsa ngati muli chamoyo. Ngati akonza, akonze zooneka. Ndipo zidebe zisamadutse pakapeti.

NaBanda, Chilenje: Mwalandiridwa amayi, khalani pompano. Za zidebezo, agule paipi yaitali yofika panja. Madzi akale azipita ku dimba, masamba amakondwa nawo. Kubiriwirako kumabwera ndi dzuwa komanso chakudya chochuluka. Kodi thankiyo ili pafupi ndi windo?

Mayi a Chikondi, Chelstone: Ili pawindo penipeni, dzuwa la masana limagwera pomwepo.

NaBanda, Chilenje: Ndiye poti muikhuthula kale, isamukiretu ku khoma lopanda dzuwa. Nyale yake iziyaka maola asanu ndi atatu basi. Koma musaikoke muli madzi, ngakhale ochepa, galasi lapansi limang'aluka. Muonenso choikapo chake. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye madzi okha ndi makilogalamu 240, kuwonjeza galasi, mchenga ndi miyala mudutsa 300. Ngati ndi thabwa la chipboard lomwe linanyowapo, pitani kwa owotcherera akupangireni chachitsulo.

Bambo a Chikondi, Chelstone: Zikomo nonse. Mtima ukupendekera ku mbuna, amayi a Tadala mundikhululukire. A Phiri, ndiyambire pati, ndipo ndi mtundu uti woti sungandivute ndi nkhani ya magetsi yomwe anena NaBanda?

A Phiri, Kabwata: Tengani Labidochromis caeruleus, m'mashopu amangoti yellow lab. Ndi yachikasu chowala, chipsepse chapamsana chili ndi mzere wakuda. Mwa mbuna zonse imeneyi ndi yofatsirapo, ndiye simufunika kuzithithika. M'malita 240 yambani ndi zazing'ono zisanu ndi zitatu kapena khumi, mtundu umodzi wokha. Zikakula muzisiya yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, apo ayi yaimuna imavutitsa yaikazi imodzi mpaka kuifooketsa. Wogulitsa akakuonetsani ina yamizeremizere yotchedwa auratus, kapena kenyi, nenani zikomo n'kudutsa. Zili zazing'ono zimaoneka bwino, zikakula zimapha anzawo. Ndipo musagule m'thanki yolembedwa kuti zosakaniza. Mbuna za mitundu yoyandikana zimakwerana, ana ake amatuluka osadziwika mtundu, ndipo ndi amene adzaza m'mashopu ambiri.

A Phiri, Kabwata: Za miyala. Pitani ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, kapena kulikonse komwe amaphwanya miyala. Sankhani ikuluikulu, ina yaphanthiphanthi yoti isanjikike. Tengani kabotolo ka viniga, mudonthezere pamwala. Ukachita thovu ndiye kuti ndi wa laimu. Kwa oweta nsomba za ku Amazon umenewo ndi woipa, kwa inu ndi wabwino. Wokhala ndi mizere ya dzimbiri kapena wonyezimira zachitsulo usiyeni. Kunyumba muitsuke ndi bulashi ndi madzi okha, sopo ayi. Musaiphike pamoto, mwala wokhala ndi mpweya m'kati umatha kuphulika. Poika, yambani mwayala styrofoam yopyapyala pagalasi lapansi, kenako miyala, mchenga pomaliza. Mukaika miyala pamwamba pa mchenga, nsomba zidzakumba pansi pake, mulu wonse n'kugwera pagalasi usiku. Muunjike milu iwiri, wina kumanzere wina kumanja, pakati pakhale bwalo la mchenga, kuti yaimuna ya mbali ino isamaonane ndi ya mbali inayo nthawi zonse. Mapanga achuluke kuposa nsomba.

Amayi a Tadala, Woodlands: Mulu uliwonse muugwedeze ndi dzanja musanathire madzi. Ukasuntha, sanjaninso. Ndipo ngati mumata ndi silikoni, werengani pachubu. Ya kubafa yokhala ndi mankhwala oletsa nkhungu imapha nsomba.

Bambo a Chikondi, Chelstone: Mchenga wa kumtsinje ungachite?

A Phiri, Kabwata: Ungachite, koma muutsuke m'chidebe mpaka madzi azituluka oyera, ndipo ndi ntchito yotopetsa. Wosavuta ndi umene amaika m'mafyuluta a maswimming pool. Masentimita atatu kapena anayi akwana.

Mayi a Chikondi, Chelstone: Ndiye mukhala miyala yokhayokha? Chobiriwira chenicheni sichingamere?

NaBanda, Chilenje: Mbuna zimadya ndi kuzula zomera zambiri amayi. Zimene zimapirira ndi Anubias ndi Java fern, chifukwa masamba ake ndi olimba. Sizibzalidwa mumchenga, mumazimangirira pamwala ndi ulusi mpaka mizu igwire. Palinso Vallisneria, wa masamba aatali, amene amamera m'nyanja ya Malawi momwemo. Ameneyo tsinde lake mulitchinge ndi timiyala.

Mphwanu wa ku Matero: Ine funso langa ndi limodzi. Zikakula zimadyedwa? Chifukwa ngati n'kuweta, bwanji osaika chambo, pa Khirisimasi n'kukazinga?

A Phiri, Kabwata: Chambo chimafuna dziwe mphwanga, osati pabalaza. Ukafuna ndiwo pita kumsika wa Soweto.

Mphwanu wa ku Matero: Chabwino. Koma msuweni wanga amayenda Lilongwe–Lusaka pabasi, kudzera pa Mwami. Akhoza kubweretsa mbuna zenizeni za m'nyanja m'chigubu, zotchipa.

A Phiri, Kabwata: Usamuike m'mavuto msuweni wakoyo. Nsomba zamoyo sizidutsa pachipata popanda chilolezo cha a zausodzi, ndipo m'dera la paki kugwira mbuna n'koletsedwa. Komanso ulendo wa tsiku lonse m'chigubu chotsekedwa, padzuwa la ku Luangwa, zingafike zitafa. Zoswedwa kuno ndi zabwino koposa, zinazolowera kale madzi athu ndi chakudya cha m'paketi.

NaBanda, Chilenje: Bambo a Chikondi, chinthu china chimene anthu amalakwitsa akamakonzanso thanki ndi kuchapa zonse mpaka mbee. Zonyansa za nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Mabakiteriya okhala mu fyuluta amasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, poizoninso, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savuta kwambiri ndipo mumamuchotsa posintha madzi. Mukachapa siponji pampopi wa madzi a klorini, mabakiteriyawo atha, ndipo kuti abwerere pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ndiye siponji yakale muifinyire m'madzi a m'thanki momwemo, muisunge yonyowa. Ngati yanu inauma kale, ndikupatsani imodzi mwa zanga. Ma guppy angapo atsale m'thanki yatsopanoyo kuti mabakiteriya azipeza chakudya, mudzawachotse mbuna zikamalowa. Kenako sabata iliyonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi.

Amayi a Tadala, Woodlands: Nsomba zatsopano zisalowe tsiku lomwe mwagula. Zikhale kaye m'kathanki kena kapena m'beseni lalikulu la pulasitiki lokhala ndi mpweya, milungu iwiri kapena kuposa. Mukaona timadontho toyera pathupi, kapena zikudzikhula pamiyala, muchiritsire komweko. Pogula yang'anani thanki yonse ya m'shopu, osati nsomba imene mwaikonda yokha. Mukakhala yakufa imodzi, tulukani.

Bambo a Chikondi, Chelstone: Nanga zakalezi? Mnzanga wina amati ndingokazitaya mu ngalande, zikadzionere zokha.

Amayi a Tadala, Woodlands: Chonde musatero. Taonani nkhanu za ku Australia zija, redclaw, momwe zadzazira mu Kafue ndi ku Kariba. Asodzi akudandaula kuti zimadya nsomba zokodwa mu ukonde. Nile tilapia nayonso inathawa m'maiwe n'kulowa mu Kafue, pano ikukwerana ndi nsomba zachilengedwe za mumtsinjewo. Zonsezo zinafika ndi anthu. Pleco ndi yolimba kwambiri, ikapeza madzi ofunda imakhazikika. Ipatseni munthu wa thanki yaikulu kapena funsani kushopu ngati angailandire.

A Phiri, Kabwata: Ma goldfish ndi a madzi ozizira, ndipo mbuna zingawathothole zipsepse. Apite kwa wina amene ali ndi kadziwe pakhomo.

Mphwanu wa ku Matero: Ma goldfish ndi ma guppy ndatenga ine. Ndili ndi bafa lakale kuseri kwa nyumba.

NaBanda, Chilenje: Ulivundikire ndi waya, amphaka a ku Matero sachita manyazi. Ubwino wake ma guppy azikudyera mphutsi za udzudzu.

Mayi a Chikondi, Chelstone: Zachikasuzo ndazifufuza, ndazikonda. Koma zimadya chiyani? Chifukwa bambowa goldfish amaipatsa ndi nsima yomwe.

Bambo a Chikondi, Chelstone: Kamodzi kokha mayi.

A Phiri, Kabwata: Nsima ayi, imangovundula madzi. M'nyanja mbuna zambiri zimakhalira kupala ndere pamiyala pamodzi ndi tizilombo tokhala m'menemo, ndiye matumbo ake ndi aatali, ozolowera zamasamba. Mukazipatsa nyama, chiwindi kapena nyongolotsi zofiira zija kawirikawiri, mimba imatupa, zimasiya kudya, zimatulutsa chimbudzi choyera chonga ulusi, ndipo zambiri sizichira. Yellow lab imadyako tizilombo kuposa zinzake, komabe chakudya chake chachikulu chikhale cha m'paketi chopangidwa ndi spirulina, mtundu wa ndere. Nthawi zina muziika nsawawa zobiriwira (ma peas) zophika zosenda, kapena tsamba la sipinachi loviika m'madzi otentha. Muzipatsa zoti zimalize m'mphindi imodzi. Zidzakunamizani kuti zili ndi njala nthawi iliyonse mukadutsa, musazimvere. Ndere yomera pamiyala musamaichotse, muzipala ya pagalasi lakutsogolo lokha.

Amayi a Tadala, Woodlands: Ine ndikuti pakatha chaka mudzabwera kudzapempha zigoba. Aliyense amayamba ndi zachikasu.

A Phiri, Kabwata: Akadzabwera ndiye kuti agula thanki yachiwiri, osati kuchotsa mbuna.

Mayi a Chikondi, Chelstone: Yachiwiri ndiye ayi. Pamenepo ndiika kabati ndithu, muuzane.

Bambo a Chikondi, Chelstone: Ndayeza ndi timapepala tija, pH ikuonetsa cha pa 8. Loweruka ndikhuthula ndi kusamutsa thanki, miyala ndikatenga Lachisanu pochokera kuntchito. NaBanda, siponji ija ndidzaifuna, yanga ndi yakale kwambiri, ikunyenyeka. Pleco sinapeze mwini, amene ali ndi malo anene.

A Phiri, Kabwata: Mukasanja miyala mujambule musanathire madzi, tione ngati mapanga akwana. Ana a yellow lab ndili nawo, koma sindikupatsani mpaka amoniya ndi nitrite zitaonetsa ziro.

NaBanda, Chilenje: Bwerani ndi chidebe cha chivundikiro, siponjiyo iyende ili m'madzi ake, ndipo mukafika muilumikize ku mpweya tsiku lomwelo. Mufike isanakwane 10 koloko, masana ndili ku chilanga mulilo cha mwana wa achemwali anga ku Kamwala.